Nkhuku zitatu, osati three nkhukus

Lero mnzanga uja kulibe, ali ku ntchito ya usiku, ndiye mukhala ndi ine ndekha. Ndachita kulemba zoti ndinene, chifukwa ndikamangolankhula za m'mutu Chichewa changa chimathera panjira ngati minibasi yopanda mafuta. Mukamva mapepala akulira, ndi zimenezo.

Nkhani yake ndi ya gemu, koma ndiyambire ku Ntcheu.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ndi amayi kukavundukula chiliza cha agogo. Ine ndinabadwira ku Leicester. Chichewa ndimamva pafupifupi chonse, vuto lili pakamwa. Tsiku lachiwiri amayi aang'ono anandituma kuti ndikawatengere lichero. Ndinadziwa kuti ndi chinthu cha kukhitchini, ndiye ndinalowa, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kutuluka ndi chipande. Khonde lonse linafa ndi phwete. Sikunali kunyoza ayi, ndikudziwa, koma kuyambira tsiku limenelo ndinangotsala ndi mawu atatu: eya, ayi, zikomo. Masabata awiri athunthu, munthu wa digiri.

Ambiri a inu mukuzidziwa zimenezi. Pa gulu la banja la WhatsApp pabwera uthenga wa mawu, umaumvera katatu, umajambula yankho, umafufuta, umajambulanso, mapeto ake umangotumiza kachithunzi ka chala chachikulu kaja. Koma ndinaona kuti ndikamalemba mantha amachepa. Ndimakhala ndi nthawi yoganiza, palibe amene akuyang'ana pakamwa panga, ndipo katchulidwe kanga ka ku Leicester sikamveka. Ndiye ndinaganiza kuti bwanji patakhala malo oti anthu ngati ife tizikumana, tizichita zinthu m'Chichewa polemba, ndipo ukatenga chipande m'malo mwa lichero, okuuza akhale kompyuta, osati khonde lonse.

Malo otero alipo kale, ndipo ndi akale kuposa ine. Amatchedwa MUD. Ndi gemu yopanda zithunzi. Ukalowa, kompyuta imakulembera kuti uli pati, pali zinthu zanji, pali ndani. Iwe umalemba chimene ukufuna kuchita, iyo imakuyankha chimene chachitika. Anthu ambiri amalowa nthawi imodzi kuchokera kulikonse, ndipo akakhala m'chipinda chimodzi amaonana n'kumacheza. MUD yoyamba inayambika mu 1978 pa University of Essex ku Colchester, anailemba ndi Roy Trubshaw, kenako Richard Bartle anaipitiriza. Mu 1987 ku Aberystwyth, ku Wales, kunabadwa AberMUD, ndipo mmodzi mwa olemba ake anali Alan Cox, amene pambuyo pake anatchuka ndi ntchito ya Linux. Mu 1989 kunabwera TinyMUD ya James Aspnes ku America ndi LPMud ya Lars Pensjö ku Sweden. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ophunzira a pa yunivesite ya ku Copenhagen anatulutsa DikuMUD. Mapulogalamu ambiri amene alipo lero ndi ana kapena adzukulu a amenewa. Ndiye funso langa silinali loti ndilembe bwanji kuyambira pachiyambi. Linali loti ndibwereke khasu la ndani.

Chinthu choyamba chimene ndinatsimikiza n'choti pulogalamuyo ikhale imene anzathu amati free software. Apa Chichewa chimaposa Chingerezi. Iwo ali ndi liwu limodzi, ndipo akhala akuvutika kulifotokoza kuyambira pamene Richard Stallman anayambitsa GNU mu 1983. Ife tili ndi awiri: chaulere ndi chaufulu. Chaulere ndi chimene sulipira. Chaufulu ndi chimene ukhoza kuchigwiritsa ntchito mmene ukufunira, kuchitsegula n'kuona mmene chimagwirira ntchito, kuchisintha, n'kugawirako anzako. Facebook ndi yaulere, koma yesani kuisintha kuti muone.

Ine ndinkafuna zonse ziwiri. Zaulere chifukwa lendi ndimalipira ndekha. Zaufulu chifukwa ndinkadziwiratu kuti pulogalamu iliyonse imene ndingapeze inalembedwa ndi munthu woganiza m'Chingerezi, ndiye ndidzayenera kuing'amba mkati. Komanso ndinkafuna kuti tsiku lina ine ndikadzatopa, wina wa inu adzathe kutenga zonse n'kupitiriza popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

Pa MUD nkhani ya laisensi si yongoseweretsa. DikuMUD kwa zaka zambiri inali yaulere koma osati yaufulu kwenikweni: sunkaloledwa kupangirapo phindu, ndipo mayina a olemba ake ankayenera kuoneka munthu akamalowa. Mu 2020 eni ake anasintha n'kuiika pa LGPL. Koma ena mwa ana ake anawonjezera mfundo zawozawo pamwamba pa za kholo lawo, ndiye ukatenga mdzukulu uyenera kuwerenga mapepala a mibadwo itatu, ngati nkhani ya munda wa kumudzi. Werengani laisensi musanayambe kukonda pulogalamu. Ine ndinayamba ndi kukonda.

Imene ndinakonda inali tbaMUD, yomwe ndi kupitiriza kwa CircleMUD ya Jeremy Elson, mwana wa Diku. Inalembedwa mu C. Ndinaitsitsa Lachisanu madzulo, ndipo pasanathe ola ndinali ndikuyenda mumzinda wotchedwa Midgaard, ndi lupanga m'manja. Ubwino wake ndi umenewo: gemu yonse imabwera yathunthu. Masitolo alipo, zilombo zilipo, njira yomangira zipinda uli mkati mwa gemu ilipo, ndipo imayenda ngakhale pa kompyuta yofooka chotani. Ndinagona ndikuganiza kuti ntchito yatsala ndi yomasulira basi.

Loweruka m'mawa ndinalemba liwu loti Malaŵi, ndi kachipewa pa w monga amalembera amayi. Gemu inandibwezera Malai. Ndinalemba kuŵerenga, inabwera kuerenga. Nditatsegula code ndinapeza kuti malo amene amalandira zimene munthu walemba amataya chilembo chilichonse chimene sichili mu ASCII, zilembo za Chingerezi zija. Chilembo cha ŵ mu UTF-8 chimatenga ma byte awiri, ndipo onse awiri ankatayidwa pakhomo pomwe. Ndikudziwa kuti ambiri masiku ano salembanso kachipewako, ngakhale ine ndimakaiwala, koma amayi anaphunzira nako ndipo sakasiya. Chondiseketsa n'choti anthu a ku Wales nawonso ali ndi ŵ m'chilankhulo chawo, ndiye ndi anzathu pa mavuto amenewa.

Mwa njira, mwaona kuti ndikunena code osalisandutsa Chichewa. Ndinayesa. Likakhala Chichewa limakhala kodi, ndipo chiganizo choti "kodi kodi ili kuti" palibe amene angachimve.

Vuto la ŵ linali laling'ono, mizere yochepa basi. Lalikulu linali loti Chingerezi sichinali m'mauthenga mokha, chinali m'mafupa. Muli kachidutswa kosankha pakati pa he, she ndi it. Muli kena kosankha a kapena an. Muli mndandanda wa timawu monga the, in, from, with, timene pulogalamu imatidumpha ikamawerenga lamulo lako. Zonsezi Chichewa sichizifuna. Ife sitisamala kuti wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi, timasamala kuti ndi wamkulu kapena mwana, ndipo za zimenezo munalibe kanthu. Pamwamba pa apo, mtima wa gemuyo ndi kumenyana: upha chilombo, upeza ndalama, ukula mphamvu, upha chilombo chachikulupo. Ine ndinkafuna gemu yoti amayi aang'ono akutume lichero. Nditawerengera zoti ndichotse ndinaona kuti ndikugula nyumba yabwinobwino kuti ndigwetse makoma onse n'kutsala ndi maziko. Ndipo C ndinaikhudza komaliza ku yunivesite, sitinasiyane bwino.

Ndinayang'anako banja la TinyMUD, monga PennMUSH, ndi LambdaMOO imene Pavel Curtis anayambitsa ku Xerox PARC mu 1990. Amenewa mtima wawo ndi kucheza ndi kumanga, osati kupha, ndiye anali pafupi ndi zofuna zanga. Koma uyenera kuphunzira chilankhulo chawochawo cha code chimene kunja kwa gemu sudzachigwiritsanso ntchito, ndipo cha MUSH chikachuluka chimaoneka ngati mphaka wayenda pa kiyibodi. Ranvier, ya JavaScript, ndinaikonda kamangidwe kake, koma ndinaona kuti ndikakakamira ndidzasowa wofunsa. CoffeeMUD ya Java ili ndi chilichonse, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Zonsezi zinanditengera madzulo atatu.

Ndinathera pa Evennia. Inalembedwa mu Python, chilankhulo chimene ndimadyera kuntchito, ndipo laisensi yake ndi BSD, kutanthauza kuti chita nayo chimene ukufuna bola usafufute mayina a eni ake. Kuiyika ndi malamulo anayi: pip install evennia, kenako evennia --init ndi dzina la gemu yako, kenako evennia migrate, kenako evennia start. Ukalowa umapezeka m'chipinda chimodzi chotchedwa Limbo, chopanda kanthu. Palibe lupanga, palibe chilombo, palibe sitolo. Anthu ena amakhumudwa nazo. Ine nditachoka ku Midgaard ndinamva ngati andipatsa munda wosalimidwa.

Zinthu zitatu ndi zimene zinandigwira. Choyamba, ndinalemba Malaŵi, inandibwezera Malaŵi. Chachiwiri, imabwera ndi tsamba lake la pa intaneti, ndiye munthu amangotsegula browser pa foni n'kulowa. MUD zakale zimafuna telnet kapena pulogalamu yapadera monga Mudlet, ndipo ndinkadziwa kuti ndikauza amayi kuti atsitse kanthu kena, nkhani yathera pomwepo. Telnet ilinso ndi vuto lakuti mawu achinsinsi amayenda osabisika, ndiye khomo limenelo ndinalitseka n'kusiya la browser lokha, lotetezedwa. Chachitatu, pulogalamuyo anaigawa pawiri, mbali yogwira anthu olumikizidwa ndi mbali yoyendetsa gemu, moti ndikhoza kusintha code n'kuyambitsanso gemu anthu osatulutsidwa. Kwa munthu wolakwitsa kawirikawiri ngati ine, chimenechi ndi chifundo.

Musaganize kuti inabwera yodziwa Chichewa. Tsiku loyamba ndinapanga nkhuku, n'kupanga ina, n'kupanga yachitatu, n'kulemba kuti ndione m'chipindamo. Inandiuza kuti muli three nkhukus. Ndinaseka ndekha mpaka woyandikana naye nyumba anagogoda khoma. Evennia ikafuna kuchulukitsa dzina imafunsa kapulogalamu kena kodziwa malamulo a Chingerezi okha. Kusiyana kwake ndi Circle n'koti apa Chingerezicho chinali pamalo ochepa odziwika, ndipo ndikanatha kulemba zanga pamwamba pake osakhudza zina.

Apa ndi pamene gemu inayamba kundiphunzitsa ine. Kuti kompyuta inene kuti chinthu chili pano, iyenera kudziwa gulu la dzinalo. Mtondo uli pano, mitondo ili pano. Lichero lili pano, malichero ali pano. Chipande chili pano, zipande zili pano. Mbale ili pano, mbale zili pano, dzina osasintha koma mneni wasintha. Kampeni kali pano, timipeni tili pano. Ufa uli pano. Powerenga n'chimodzimodzi: mazira awiri, mipando iwiri, nkhuku ziwiri, tiana tiwiri. Ine zimenezi ndinkazilankhula mwamwayi, nthawi zina ndikhoza, nthawi zina ndiphonya, osadziwa chifukwa chake. Kompyuta silola mwayi. Ndinafunsa amayi kuti pali lamulo kodi, iwo anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi ndi onyowa, n'kuyamba kulakatula zimene anaphunzira ku pulayimale: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma, Ka-Ti. Zaka makumi anayi zapita, sanaphonye ndi limodzi lomwe. Timawu togwirizanitsa tija, u-, li-, chi-, zi-, anati dzina lake ndi agwirizanitsi.

Ndinaganiza zoti kompyuta izidziwa yokha gulu poyang'ana chiyambi cha dzina. Sizinatheke. Munthu ndi munda onse amayamba ndi mu, koma munthu ali, munda uli. Galu alibe mu koma ali m'gulu la munthu. Khasu silikuonetsa li paliponse, ndipo akachuluka ndi makasu, h uja wathawa. Ndiye ndinagonja. Chinthu chilichonse chimene timapanga mu gemu timachilembera zinthu zitatu ndi manja: dzina, dzina lake zikachuluka, ndi gulu lake. Zotsalazo kompyuta imatenga pa tebulo la agwirizanitsi. Tebulolo ndi la mizere yosakwana makumi awiri, ndipo ndinaphunzirapo Chichewa chambiri kuposa zaka zonse zimene ndinkakhala kumbuyo m'tchalitchi ndikuyerekeza kuimba.

Kenako mayendedwe. Mu MUD za Chingerezi umalemba chilembo chimodzi, n, s, e kapena w, wapita. Tayesani m'Chichewa: kumpoto, kum'mwera, kum'mawa, kumadzulo. Onse anayi amayamba ndi kum. Amayi anandikumbutsa kuti palinso kuvuma ndi kuzambwe, zimene zinathandiza theka. Koma kenako anafunsa kuti ndani kumudzi anayamba wakuuza kuti pita kumpoto. Zoona. Amati pita kumjigo, kudambo, kuchigayo, kwa amfumu, kumsika. Mu Evennia khomo lililonse ukhoza kulitcha dzina limene ukufuna, ndiye makomo athu onse ndi mayina a malo. Wophunzira akalemba kumjigo kakhumi pa tsiku, sadzaiwalanso mjigo.

Mkangano weniweni unali pa tenga ndi tengani. Ine ndinalemba malamulo onse mwachidule: tenga, siya, ona, pita. Amayi ataona anafunsa kuti ukulamula ndani chonchi. Ndinati kompyuta. Anati nanga kompyutayo ikamandiyankha iziti watenga, ngati ndine mnzake? Tinagwirizana kuti munthu akhoza kulemba tenga kapena tengani, zonse zigwira ntchito, koma gemu poyankha izilemekeza aliyense: Mwatenga lichero. Mwafika kumjigo. Ndipo nyumba ya munthu sulowa usanalembe odi. Khomo silitseguka mpaka wa mkati ayankhe. Kumsika, umene tinautengera wa ku Lizulu pa msewu wa M1, kuli agogo ena ogulitsa kachewere. Ukawalembera kuti uli bwanji, sakuyankha, amangopitiriza kuunjika mbatata zawo. Kamwana kali pambali ndi kamene kamakunong'oneza kuti akuluakulu timati muli bwanji. Palibe amene amaseka.

Poyamba ndinkafuna kuti munthu wamkulu woyamba kukumana naye mu gemu akhale agogo anga enieni, atakhala pamkeka pakhonde pawo. Ndinali nditalemba kale mawu awo angapo mmene ndimawakumbukira. Nditawaonetsa amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi anga si chidole." Ndinafufuta usiku womwewo. Nyumba yawo ilimo, mkeka ulipo, koma palibe amene wakhalapo. Ndiyo nyumba yokhayo imene sindinaikemo woyankha odi.

Tsopano ndinene cholakwa changa, kuti inu musachibwereze.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi ndinakhala ndi amayi patebulo la kukhitchini, laputopu patsogolo. Ndinawapempha kuti andiyendetse m'mudzi mwawo mmene unalili iwo ali mtsikana. Iwo akunena, ine ndikulemba molunjika mu gemu: dig kupanga chipinda, desc kuchifotokoza. Anayamba monyinyirika, kenako anatsegula. Mtengo wa mango umene anagwamo n'kuthyoka dzanja. Nkhokwe zitatu za agogo aamuna. Njira ya kudambo imene ankaopa kudutsa kukada. Fungo la khola m'mawa mvula itagwa. Anatchula anthu amene sindinawamvepo, ena anamwalira ine ndisanabadwe. Maola atatu, zipinda khumi ndi chimodzi. Mpunga unapserera pa moto. Chibadwire changa amayi anali asanandilankhulepo Chichewa chochuluka choncho nthawi imodzi popanda kundikalipira.

Lachitatu lake ndinali kulimbana ndi tebulo la agwirizanitsi lija, ndipo ndinasokoneza zinthu moti gemu inayamba kulira paliponse. Ndinachita zimene ndinali nditachita kale kakhumi masiku oyambirira: kufufuta database n'kuyambiranso. Ndi fayilo imodzi, evennia.db3. Code yanga yonse inali mu git, ndiye sindinaope. Nditalowanso ndinapezeka mu Limbo. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti zimene wamanga uli mkati mwa gemu sizikhala mu code, zimakhala mu database. Mudzi wonse unali m'fayilo imeneyo, ndipo ndinalibe ina. Munthu amene kuntchito ndimakalipira anzanga pa nkhani ya backup.

Ndinatha sabata osawauza. Ndinayesa kulembanso za m'mutu, koma zimene zinkatuluka zinali Chingerezi chovala chitenje. Pamapeto pake ndinaulula. Amayi anangoti, "Ndiye sukulu yonse ija?" n'kupitiriza kutsuka mbale.

Lamlungu lotsatira anakhalanso patebulo okha, ine osawapempha. Koma ulendo uno mudzi unasintha. Mango uja anachoka kuseri kwa nyumba n'kupita kutsogolo. Nkhokwe zinakhala ziwiri. Nditanena kuti paja munati zitatu, anaimbira amayi aang'ono ku Ntcheu pa WhatsApp, ndipo anakangana mphindi makumi anayi. Amayi aang'ono anati nkhokwe zinali zitatu koma yachitatuyo inali ya amalume, ndipo mango anali awiri, wina anadulidwa chaka cha njala. Anawonjezanso chitsime chimene amayi anachiiwaliratu. Mudzi umene uli mu gemu lero ndi wachiwiriwo, wa anthu awiri. Woyamba uja sudzabweranso, ndipo muli ziganizo zina zimene amayi ananena tsiku lija zimene ndimangokumbukira kuti zinali zokoma, mawu ake enieni ndinataya.

Panopa sindimanganso molunjika. Evennia imalola kulemba malamulo onse omangira m'fayilo wamba, yothera ndi .ev, n'kuiuza kuti iwachite onse motsatana. Mafayilo amenewo ali mu git pamodzi ndi code, ndipo database imakopedwa yokha usiku uliwonse kupita kwina. Ngati mukuyamba yanu, chitani zimenezi tsiku loyamba, musanaitane amayi anu.

Ndinenenso zoipa za Evennia, kuti musati ndikuigulitsa. Imadya memory yambiri kuposa zakale za C zija, ndiye seva yotchipitsitsa kwambiri imapuma movutikira. Yanga ndimalipira pa mwezi ndalama zosaposa chakudya chamasana kamodzi m'tauni, ndipo ikukwanira chifukwa tilipo ochepa. Mauthenga ake a mkati anamasuliridwa m'zilankhulo zingapo, koma Chichewa sindinachipezemo, ndiye nthawi zina ukalakwitsa lamulo imakuyankhabe m'Chingerezi. Ndikuwasaka mmodzimmodzi. Ndipo ngati simudziwa Python ngakhale pang'ono, mudzakhala mu Limbo nthawi yaitali. Munthu wofuna gemu ya malupanga yoti ayambe kusewera mawa, tbaMUD imuchitira bwino kuposa. Wofuna kumanga chinthu cha chilankhulo china, ayang'ane kaye kuti Chingerezi chabisala pati, ndiponso ngati laisensi ikumulola kuchizula.

Ubwino wina sindinauganizire n'komwe. Mawu okhaokha sadya bandulo. Msuweni wanga wa ku Ntcheu, mwana wa amalume, amakana kuimba vidiyo chifukwa bandulo yake imatha msanga ndipo netiweki imadukaduka, koma mu gemu amakhala ola lathunthu osadandaula. Iyeyo ndi mmodzi mwa amene anaseka kwambiri tsiku la chipande lija. Pano ndi amene amakonza Chichewa chathu. Tsiku loyamba kulowa anandilembera kuti lichero silikhala pansi pafupi ndi moto, limapachikidwa, ndipo nkhuku zitatu ndi zochepa kwambiri pa khomo la agogo, anthu aziti tinali osauka. Ndinawonjezera zinayi.

Tinatsegulira anthu Loweruka lina madzulo, seveni koloko kuno, naini koloko kumudzi. Tinalipo asanu ndi anayi: ine, mlongo wanga ali m'chipinda chake pamwamba, anzathu atatu omvera pulogalamu ino, wina ku Johannesburg, msuweni uja ndi mng'ono wake, ndi amayi. Amene mukufuna kulowa, tilembereni monga mwa nthawi zonse, tikutumizirani adiresi. Tikufunanso munthu woti amange chigayo, chifukwa pakali pano ndi chipinda chopanda phokoso. Ndipo inde, tamva, kulibe chimbudzi. Anthu atatu anafunsa usiku womwewo.

Mlongo wanga, amene Chichewa chake ndi chochepa kuposa changa, anatumidwa lichero ndi amayi aang'ono a mu gemu. Anabwera ndi chipande. Gemu inamuuza kuti chimenecho ndi chipande, chogawira nsima, lichero ndi lopetera. Anabwerera, anapeza, ndipo ndinamumva akukuwa pamwamba.

Amayi anali pa sofa ndi foni, magalasi ali pamphuno, akulemba ndi chala chimodzi. Ine ndinkawatsatira pa laputopu. Anadutsa kumjigo osaima, anadutsa mango, anadutsa nkhokwe, n'kukaima pakhomo pa nyumba ya agogo. Anakhala pamenepo mwina mphindi ziwiri osalemba kanthu. Kenako analemba kuti odi.

Mtima wanga unagunda, chifukwa ndinkadziwa kuti m'nyumba imeneyo sindinaikemo woyankha, ndipo khomo silitseguka popanda yankho. Ndinayamba kulemba lamulo loti ndilitsegule ndekha mwakachetechete. Sindinadziwe kuti msuweni uja ndinali nditamupatsa mphamvu zomangira ndipo anali kale mkati, akupachika lichero pakhoma.

Pa sikirini panabwera mzere umodzi: "Lowani azakhali, mwafika. Samalani mutu, chitseko ndi chachifupi."

Amayi anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje, anawavalanso. Kenako anandifunsa kuti polowa ndilembe chiyani.